Vinyo Wofiira wa Kumtunda: Kodi Chidikha cha Kasungu Chingabereke Mphesa?

Msika wa fodya ukatsekedwa ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza ndi malipiro a matenanti zikachotsedwa pa ndalama imene yalowa kubanki, funso limodzi limabwereranso m'misonkhano ya makomiti a chitukuko: kodi pa nthaka yamchenga ino pangamerenso chiyani chobweretsa ndalama? Soya, mtedza ndi mpendadzuwa zidayankhako kale mbali ina ya funsoli. Mphesa sizitchulidwa kawirikawiri, pakuti ambiri amazidziwa ngati chipatso cha m'Baibulo, kapena cha m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe chimene chimabwera kuchokera ku South Africa. Komatu pali chifukwa chomveka choziganizira. Chidikha cha Kasungu chili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo vinyo wina wofiira wotchuka kwambiri padziko lapansi amachokera m'minda ya pamtunda wotere. Funso n'lakuti kukwera kwa malo kumathandiza chiyani, ndipo kumathandiza mpaka pati.

Zimene mtunda umachita pa chipatso

Mpesa wopangira vinyo udazolowera maiko a chisanu. Minda yambiri ya mphesa ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kumpoto kapena kummwera kwa mzere wa ikweta, pomwe Kasungu ali pa madigiri 13 okha. Wongoyang'ana pamapu anganene kuti kuno n'kotentha kwambiri. Koma kukwera kwa malo kumabweza zina zimene mapu alanda. Pa mamita 100 aliwonse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi theka la digiri kapena kupitirirapo pang'ono. Aliyense amene adatsikapo kuchokera pa Kasungu kupita ku Nkhotakota mwezi wa Okutobala amadziwa zimenezi popanda choyezera: kumtunda usiku munthu amafunako chofunda, kunyanja amagona khomo lili pululu.

Kuzizira kwa usikuko ndiko chuma chenicheni cha munda wa pamtunda. Masana dzuwa likawala, masamba a mpesa amapanga shuga n'kumutumiza m'chipatso. Usiku kukakhala kotentha, chipatso chimapitirira kupsereza asidi wake, yemwe ndiye amachipatsa kuwawasa, ndipo pofika nthawi yokolola chimakhala chotsekemera chabe ngati madzi a shuga. Vinyo wa mphesa zotere amakhala wolemera pakamwa, wosatsitsimula, ndiponso sachedwa kuonongeka. Usiku kukazizira, asidi uja amasungika pamene shuga akuchuluka pang'onopang'ono, ndipo zinthu ziwirizi zikakumana m'chipatso chimodzi mpamene wopanga vinyo amamwetulira.

Chachiwiri ndi dzuwa. Pamtunda mpweya ndi wopepuka, motero cheza cha dzuwa chimafika pa chipatso ndi mphamvu yochuluka. Mphesa imadziteteza pokhwimitsa khungu lake ndi kulidetsa. Monga zidzaonekere m'munsimu, vinyo wofiira amatenga mtundu ndi mphamvu yake kukhungu, choncho khungu lochindikala ndi lodera ndi phindu, si chilema.

Dziko la Argentina ndilo lidatchukitsa nkhaniyi. Minda ya ku Mendoza, m'tsinde mwa mapiri a Andes, yambiri ili pakati pa mamita 800 ndi 1,500, ndipo mphesa ya Malbec, imene idachokera ku France, idakapeza kwawo kwachiwiri kumeneko. Chakumpoto, m'chigawo cha Salta, minda ya ku Cafayate ili pa mamita pafupifupi 1,700, ndipo kampani ya Colomé ili ndi munda wopitirira mamita 3,000. Koma pali chinthu chimene otsatsa malonda a vinyoyu satchula mokweza: malo onsewa ndi ouma ngati chipululu. Mvula ndi yochepa zedi, ndipo mipesa imamwa madzi a mthirira ochokera ku chipale chosungunuka m'mapiri. Mtunda ndi kuuma zimagwirira ntchito limodzi. Mfundo imeneyi iyenera kusungidwa, chifukwa pa iyo mpamene pagona nkhani ya Kasungu.

Kuchokera pa tsango kufika m'botolo

Munthu akafinya mphesa yakuda pakati pa zala, madzi amene amatuluka sakhala ofiira. Pa mitundu yambiri amakhala oyera mbee ngati a mphesa yobiriwira. Kufiira konse kuli m'khungu. N'chifukwa chake kusiyana kwa vinyo woyera ndi wofiira kuli pa kapangidwe: woyera amapangidwa ndi madzi okha, makungu atachotsedwa msanga, pomwe wofiira amawira pamodzi ndi makungu ndi njere zake.

Ntchito imayamba ndi kusankha tsiku lokolola, ndipo palibe chiganizo china chachikulu kuposa ichi m'chaka chonse. Mphesa si nthochi kapena mango. Ikathyoledwa siipitiriza kupsa. Wopanga vinyo amadontheza madzi a chipatso pa kachipangizo kotchedwa refractometer, ndipo amadikira kuti shuga afike pakati pa magawo 22 ndi 25 pa 100 aliwonse. Amalawanso khungu ndi kutafuna njere: njere yobiriwira ndi yowawa ikutanthauza kuti nthawi sinakwane, yofiirira ndi yokhutchuka ikutanthauza kuti chipatso chakhwima. Kukolola kumachitika m'mamawa kusanatenthe, matsango n'kuikidwa m'mabokosi ang'onoang'ono kuti a pansi asaphwanyike.

Pofika kopangira vinyo, matsango owola amatayidwa, timapesi timachotsedwa, ndipo zipatso zimaphwanyidwa pang'ono chabe, kungong'amba khungu popanda kuswa njere. Phala lonselo, madzi, makungu ndi njere, limalowa m'thanki yachitsulo chosachita dzimbiri kapena mumgolo waukhondo. Amathiramo kamlingo kochepa ka mankhwala a salufa kuti tizilombo tosafunika tigonje, kenaka amathira yisiti.

Amayi ofulula mowa wamasese sangadabwe ndi zotsatira zake. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, phala lija limayamba kuwira popanda moto, kuchita thovu ndi kutentha lokha. Yisiti ndi tamoyo ting'onoting'ono timene timadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa carbon dioxide; katswiri wa ku France, Louis Pasteur, ndiye adatsimikiza zimenezi m'zaka za m'ma 1850. Kusiyana kwake ndi masese n'kwakuti chimanga chimafuna chimera kuti ufa usanduke shuga, pomwe mphesa imabwera ndi shuga wake wokonzeka kale. Magalamu pafupifupi 17 a shuga m'lita imodzi amapereka gawo limodzi pa 100 la ukali wa mowa, motero mphesa yakupsa bwino imatulutsa vinyo wa ukali wa pakati pa 12 ndi 14 pa 100. Vinyo satchezedwa ngati kachasu. Ukali wake umathera pamene shuga wathera.

Mpweya uja ukamakwera umanyamula makungu onse n'kuwaunjika pamwamba ngati chivundikiro chokhuthala. Chivundikirochi chikasiyidwa chimauma, chimatentha, ndipo chimaitana tizilombo timene timasandutsa vinyo kukhala viniga. Choncho kawiri kapena katatu patsiku wantchito amachikankhira pansi ndi mthiko waukulu, kapena amapopa madzi a pansi n'kuwakhuthulira pamwamba. Apa mpamene vinyo amatenga mtundu wake. Amatenganso chinthu chotchedwa tanini, chomwe ndi kukhakhala kuja kumene munthu amamva m'kamwa akaluma nthochi yaiwisi kapena akamwa tiyi wakuda wopanda shuga. Tanini wochuluka amaumitsa lilime. Wokwanira bwino ndiye msana wa vinyo wofiira, ndipo amathandiza kuti akhale zaka osaonongeka. Kutentha kwa m'thanki kumayang'aniridwa usana ndi usiku kuti kukhale pakati pa madigiri 25 ndi 30. Kukapitirira kwambiri yisiti amafa ntchito ili pakati, n'kusiya vinyo wotsekemera theka amene sachedwa kusasa. Chenjezo limodzi lisaiwalike: mpweya wotuluka m'thanki ndi wolemera, umadikha pansi, sununkha, ndipo m'chipinda chotseka umapha munthu.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, shuga amakhala atatha. Vinyo amatsanulidwa, ndipo makungu otsala amafinyidwa m'chofinyira chimene kagwiridwe kake sikasiyana kwenikweni ndi jeke wodindira mabelo. Makilogalamu 100 a mphesa amapereka malita pafupifupi 65 kapena 70. Vinyo wa tsiku limenelo ndi wosamweka: ndi wa matope, wowawasa ndiponso waukali pakhosi. Amalowa m'kuwira kwachiwiri, kwakachetechete, pamene mabakiteriya ena abwino amasandutsa asidi wakuthwa wonga wa m'maapozi aawisi kukhala asidi wofatsa wonga wa m'chambiko. Kenaka nsenga zimadikha pansi, ndipo vinyo amasamutsidwira m'chotengera china mosamala, kawiri kapena katatu m'miyezi yotsatira.

Kuyambira pamenepa mdani wamkulu ndi mpweya wamba. Chotengera chiyenera kukhala chodzaza mpaka pakamwa nthawi zonse. Ena amasunga vinyo m'matanki, ena m'migolo yamatabwa a mtengo wa oak, ya malita 225, imene imalowetsa mpweya pang'ono kwambiri ndi kumupatsa vinyo fungo la mtengowo. Migoloyi ndi yokwera mtengo, ndipo vinyo wabwino amatheka popanda iyo. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi, chaka, kapena zaka ziwiri, amasefedwa n'kuthiridwa m'mabotolo a mamililita 750. Botolo limodzi limadya mphesa zopitirira pang'ono kilogalamu imodzi.

Walira mvula walira matope

Mlimi wa chimanga ndi fodya amapempha mvula ya Januwale ndi Febuluwale. Kwa mlimi wa mphesa miyezi imeneyi ndi ya nkhawa. Mpesa ukasiyidwa kuti utsate nyengo ya kuno, umaphuka kukayamba kutentha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo zipatso zake zimapsa pakati pa dzinja penipeni. Mizu imamwa madzi ochuluka, chipatso chimafufuma, shuga amasukuluka, khungu limang'ambika, ndipo chuku chimalowa m'tsango lonse. Masamba nawo amagwidwa ndi matenda okonda chinyezi, amene amayamba ngati madontho a mafuta pamwamba pa tsamba ndi ufa woyera kunsi kwake. Mitambo imabisa dzuwa lija, ndipo usiku wa dzinja suzizira. Zabwino zonse za pamtunda zimathera pomwepo.

Ichi n'chifukwa chake vinyo wa ku South Africa amachokera makamaka ku Western Cape, kumene mvula imagwa m'miyezi yozizira ndipo mphesa zimapsa kuli gwa. Kumeneko vinyo woyamba adafinyidwa mu 1659. Ku Zimbabwe, m'dera la Marondera, lomwe ndi lokwera kuposa Kasungu ndiponso ndi la fodya, ulimi wa mphesa udakula pambuyo pa 1965 pamene dzikolo lidatsekeredwa malonda ndi maiko ena. Mayina monga Mukuyu ndi Bushman Rock adachokera kumeneko, koma alimi ake akhala akulimbana ndi vuto lomweli la kukolola mvula ili mkati.

Chitsanzo choyandikira kwambiri ndi Dodoma, likulu la Tanzania. Malowa ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100, wofanana ndi wa kuno, ndipo ali pafupi ndi ikweta kuposa Kasungu. Mipesa idafika ndi amishoni a Chikatolika, idakhazikika pa mishoni ya Bihawana, kenaka ndende ya Isanga idayamba kuilima m'zaka za m'ma 1960. Lero alimi ang'onoang'ono ambiri amalima mphesa yofiira yotchedwa Makutupora, dzina la malo amene pali siteshoni yofufuza za mbewuyi. Popeza kulibe chisanu chogoneka mpesa, amadulira kawiri ndi kukolola kawiri pachaka: koyamba chakumapeto kwa mvula, kachiwiri cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Zokolola za m'chilimwe ndizo zimakhala ndi shuga wambiri, ndipo ndizo opanga vinyo amazifuna. Mwayi wa Dodoma ndi wakuti mvula yake ndi yochepa, mamilimita pafupifupi 600 pachaka, pomwe Kasungu amalandira pafupifupi 800 ndipo zaka zina kuposerapo.

Ku Brazil adapita patsogolo pang'ono. Kummwera kwa chigawo cha Minas Gerais, dera la khofi lokwera ngati kuno, mvula imagwa miyezi yofanana ndi ya Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la EPAMIG adayesa kudulira kawiri koma kukolola kamodzi. Amadulira koyamba cha mu Ogasiti n'kuthothola matsango onse amene abadwa, kuti mpesa ungokula nthambi. Amaduliranso mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo zipatso za ulendo umenewu zimapsa mu Julayi ndi Ogasiti, kumwamba kuli mbee, usiku kukuzizira. Mphesa ya Syrah ndiyo idavomera bwino njirayi. Mwachidule, adaunamiza mpesa kalendala. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ya ku Kasungu, ya dzuwa masana ndi mphepo yolasa usiku, ndi nyengo yeniyeni imene mphesa yofiira imafuna pakupsa. Koma njirayi ili ndi mtengo wake: mphukira ndi maluwa zimatuluka mvula isanathe, motero kupopera mankhwala sikungalephereke, ndipo kumapeto kwake munda umafuna mthirira. Wopanda chitsime, damu kapena mtsinje wosaphwa ngati Bua pafupi, asayambe n'komwe.

Zimene manja a mlimi wa fodya akudziwa kale

Pa luso lokha, mlimi wa kuno sayambira pansi. Amene amathena fodya ndi kuchotsa mphukira kuti mphamvu ipite ku masamba osankhidwa, amvetsa msanga chifukwa chake mpesa umadulidwa kwambiri ndi kuchepetsedwa matsango. Amene amayang'anira moto wa m'balani usiku wonse amadziwa kuti madigiri ochepa amatha kuononga ntchito ya chaka. Amene amasankha magiredi amadziwa kuti tsamba limodzi loipa limagwetsa mtengo wa belo lonse. Nthaka yamchenga yosasunga madzi, imene chimanga chimadandaula nayo, mpesa umaikonda, chifukwa mizu yake imadana ndi chithaphwi ndipo nthaka yachonde kwambiri imangouchulutsira masamba.

Koma munda wakale wa fodya uli ndi msampha wobisika. Tinyongolotsi tija totupitsa mizu ya fodya timagwiranso mizu ya mpesa, makamaka mumchenga, ndipo mpesa sungasinthidwe munda chaka ndi chaka monga amachitira ndi fodya. Njira yake ndi kubzala mbande zomezanitsa pa tsinde lopirira tinyongolotsiti, monga mitundu ya Ramsey ndi Dogridge. Nthambi yongodula kwa mnansi n'kuzika ingamere bwino zaka ziwiri, kenaka n'kufota. Palinso chiswe, mbalame zimene zimadziwa tsiku la kupsa kuposa mwini munda, ndi mitengo yambirimbiri ya thandala loyangapo mipesa pamodzi ndi waya wake. M'boma limene nkhalango zidathera m'zigafa ndi m'mabalani, nkhani ya mitengoyi si yaing'ono.

Chovuta koposa ndi nthawi. Fodya wofesedwa pa nazale mu Seputembala amabweza ndalama chaka chisanathe. Mpesa umapereka zokolola zoyamba m'chaka chachitatu, umafika pachimake cha m'chaka chachisanu, ngakhale kuti ukasamalidwa umabereka zaka 25 kapena kuposerapo. Hekitala imodzi ya mipesa pafupifupi 2,000 ikapereka matani 8 a mphesa, ndiye kuti mabotolo pafupifupi 7,000. Chiwerengerochi n'chokopa, koma akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Belo la fodya likhoza kudikira galimoto sabata zingapo. Mphesa yothyoledwa iyenera kuphwanyidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira. Palibe okushoni ya mphesa. Mlimi amene alibe mgwirizano ndi wopanga vinyo amakhala ndi katundu wowola m'manja, ndipo wogula amadziwa zimenezo. A ku Dodoma adaziona: kampani ya boma ya Dowico itagwa m'zaka za m'ma 1990, minda yambiri idasiyidwa, ndipo ulimiwo udadzukanso pamene makampani atsopano monga Cetawico ya ku Hombolo adayamba kugula. Ngakhale ku South Africa, bungwe la KWV lidakhazikitsidwa mu 1918 ndi alimi amene adatopa ndi kugwa kwa mitengo. Munda wa mphesa ndi nyumba yopangira vinyo ziyenera kubadwa pamodzi, ndipo kwa alimi ang'onoang'ono izi zikutanthauza kopaletivi.

Msika wokha ulipo. Vinyo wambiri wa m'masitolo ndi m'mahotela a m'dziko muno ndi wochokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene fodya amabweretsa. Mpingo wa Katolika, mwa lamulo lake, umagwiritsa ntchito vinyo wa mphesa yekha pa Misa, ndipo umenewu ndi msika wosatha nyengo. Mphesa zongodya nazo zimagulidwa, ngakhale kuti mitundu yake ndi ina.

Palinso njira yachidule imene Amalawi ena adaitsegula kale. Ku Lilongwe, kampani ya Linga, imene idayambitsidwa ndi Dr Timothy Ngwira ndi Mayi Margaret Ngwira, imapanga vinyo wa zipatso za konkuno monga jambula, mabulosi, mapulamu, magwafa ndi chidede. Kapangidwe kake n'kofanana ndi kafotokozedwa pamwambapa, kupatula kuti zipatso zimenezi zimafuna kuonjezera shuga ndi madzi, pakuti palibe chimene chimafika pa shuga wa mphesa. Jambula ndi mabulosi zimapereka mtundu wofiira wodera, ndipo sizifuna thandala kapena zaka zitatu zodikira pamene mitengo ilipo kale pakhomo. Gulu limene likufuna kuphunzira ukhondo wa matanki, kuyeza shuga ndi kusunga vinyo kutali ndi mpweya lingaphunzirire pa zipatso zimenezi mipesa yake isanabereke. Pogulitsa, malamulo ndi amodzi: laisensi ya zakumwa zoledzeretsa yochokera ku khonsolo, chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndiponso osagulitsa kwa ana osakwana zaka 18. Vinyo ndi mowa ndithu, waukali kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi mowa wa m'mabotolo, ngakhale amwedwe m'tambula yokongola.

Za mphesa zenizeni, chofunika poyamba si hekitala koma mizere ingapo pafupi ndi madzi: mitundu itatu kapena inayi yomezanitsa, monga Syrah ndi Makutupora, mzere wina wodulidwa mu Febuluwale, wina mu Epulo, ndi buku lolembamo tsiku lophuka, tsiku lochita maluwa, kangati apopera, ndi shuga wa sabata iliyonse mpaka kukolola. Alangizi a Kasungu ADD, sukulu ya zaulimi ya Mwimba ndi siteshoni ya Bvumbwe, imene imafufuza za zipatso, ndi malo oyenera kufunsako za mbande zopanda matenda ndi chilolezo choitanitsira mbewu kunja. Ngati kachipangizo kaja kadzaonetsa shuga wofika pa 22 mu Ogasiti kwa zaka ziwiri zotsatizana, matsango ali athunthu, pamenepo komiti ya dera ingayambe kukamba za matanki.